Zaka 8 kundende pa mlandu wa madola 40: filimu ya asilikali yomwe ambiri adaiphonya

Mukatchula filimu ya asilikali pakhomo pa nyumba yoonetsera kanema pamsika uliwonse, anyamata amayamba kuwerenga okha: Rambo, Commando, Chuck Norris. Kwa iwo filimu ya asilikali ndi ija mfuti zimalira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, munthu mmodzi n'kupulula gulu lonse la adani iye osakandika ndi pang'ono pomwe.

Koma ilipo filimu ina ya asilikali momwe mfuti siilira ngakhale kamodzi. Mulibe nkhondo, mulibe mabomba, mdani saonekanso. Muli amuna atatu okha ovala yunifolomu, okwera basi ndi sitima m'nyengo yozizira, akumwa mowa, akukangana, akuseka. Dzina lake ndi The Last Detail, idatuluka m'dziko la America m'chaka cha 1973, ndipo ngakhale muli katswiri wodziwika Jack Nicholson, ndi ochepa amaitchula akamakamba za mafilimu a mkuluyu.

Mawu oti "detail" pachisilikali amatanthauza ntchito yapadera yomwe akuluakulu atuma asilikali ochepa kuti akaigwire. Ntchito ya m'filimuyi ndi yoperekeza mnzawo kundende.

Mlandu wake

Nkhani ikuyambira ku Norfolk, m'chigawo cha Virginia, komwe kuli likulu lalikulu la asilikali a pamadzi. Asilikali awiri okhalitsa pantchito, Billy Buddusky (Jack Nicholson) ndi Richard Mulhall, yemwe anzake amangomuti Mule (Otis Young), angokhala akudikira kuti awauze sitima yomwe akagwireko ntchito. Mkulu woona za mwambo pamalopo akuwaitana n'kuwauza kuti atenge mkaidi, mnyamata wa zaka 18 dzina lake Larry Meadows (Randy Quaid), akamusiye kundende ya asilikali ya Portsmouth. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000 kulowera kumpoto, mtunda woyandikira wochoka ku Nsanje kukafika ku Karonga.

Atamva kuti mnyamatayo amugamula zaka 8 komanso amuchotsa usilikali mochititsa manyazi, Buddusky akufunsa kuti kodi wapha ndani. Yankho lake n'loti sadaphe munthu. Adafuna kuba madola 40 m'bokosi la zopereka zothandizira odwala poliyo, ndipo ndalamazo sadazitenge n'komwe chifukwa adamugwira asadaziike m'thumba.

Tsoka la Meadows lidali loti bokosilo lidali la mkazi wa bwana wamkulu wa pamalopo. Mayiwo ndiwo ankatsogolera zopereka za poliyo ndipo ankatamandidwa nazo chaka ndi chaka. Kukhudza bokosilo kudali ngati kutosa bwana m'maso. Mukawerengera bwino, chaka chilichonse cha moyo wa mnyamatayu adachigula pa madola asanu.

Asilikali awiriwa poyamba sizikuwakhudza. Chomwe akuona ndi mwayi. Awapatsa sabata yathunthu ya ulendo ndi alawansi ya tsiku lililonse, ya iwo ndi ya mkaidi yomwe. Buddusky akumunong'oneza mnzake nzeru: amuthamangitse mnyamatayo, akamutule m'masiku awiri, masiku otsalawo akadyerere alawansi pobwerera. Aliyense amene adagwirapo ntchito ya maulendo sangadabwe ndi masamu amenewa.

Dongosololi likusokonekera ulendo usadapite patali, ndipo wolisokoneza ndi mkaidi yemweyo, mosadziwa.

Meadows ndi chimnyamata chachitali kuposa omuperekeza onse awiri, koma mtima ndi wa mwana. Salankhula mokweza, sadziwa kukana, ndipo ali ndi vuto la dzanja loyabwa. Amaba zinthu zomwe sakuzifuna n'komwe: switi, kaloti, chilichonse chokwana m'mkono wa jekete. Ali m'sitima, atamugwira ndi zomwe waba panjira, akudzambatuka kuthawa m'kati mwa sitima momwemo, ngati kuti kuli kothawira, kenako akuyamba kulira ngati khanda. Apa m'pomwe Buddusky akumuyang'ana kachiwiri. Akuzindikira kuti mwanayu sadalaweko chilichonse cha dziko lino, ndipo akadzatuluka unyamata wonse udzakhala utathera kumpanda. Akuganiza zoti masiku ochepa omwe alipowo amuonetse moyo.

Tchizi chosasungunuka

Chomwe chimakometsa filimuyi n'choti zinthu zikuluzikulu zimabisala m'tinthu tating'ono. Atatsika ku Washington, akulowa m'malo odyera. Meadows akuitanitsa banzi la nyama ndi tchizi, ndipo akuti tchizicho chikhale chosungunuka. Chikubwera chosasungunuka. Iye akuti palibe kanthu, adya chomwecho. Buddusky akukana, akuitana woperekera zakudya kuti abweze mbaleyo akakonze momwe mnyamatayo wafunira. Phunziro lake n'loti munthu ukalipira ndalama uli ndi ufulu wolandira chomwe wapempha.

Patapita masiku, ali chakumpoto, Meadows akubweza yekha mazira omwe sadawakazinge momwe adanenera, popanda womuuza. Omuperekeza aja akusangalala ngati makolo oona mwana akuyamba kuyenda. Woonera amaseka nawo, koma kuseka kwake kumathera pakhosi akakumbukira komwe mnyamatayu akupita. Kundende kulibe kubweza mbale.

Ku Washington komweko kuli gawo lomwe anthu okonda filimuyi amalikumbukira kwambiri. Akulowa m'bala kuti Meadows amweko mowa koyamba. Wogulitsa akukana ponena kuti mnyamatayo sadafike zaka zololedwa, ndipo akuponyerapo mawu onyoza Mulhall chifukwa ndi munthu wakuda. Mkangano utakula, wogulitsayo akuopseza kuti aitana apolisi a asilikali. Buddusky akusolola mfuti, akuimenyetsa patebulo, n'kumukalipira kuti apolisi a asilikali akuwanenawo ndi iyeyo. Akutuluka akuthamanga, akuseka chikhakhali mumsewu ngati ana oti aba mango. Mowa akukagula wa m'zitini, kukamwera kuseri, sitima n'kuwasiya.

Usiku umenewo akugona m'chipinda chimodzi cha hotela yotchipa. Zitini za mowa zili mbwee pansi, atatu onse ali m'zovala zam'kati, akulimbana ndi mabedi opinda omwe akukanika kutambasuka. Buddusky, yemwe ntchito yake pasitima ndi yotumiza mauthenga ndi mbendera, akuyamba kumuphunzitsa Meadows kalankhulidwe ka manja ka amalinyero, momwe kaimikidwe kalikonse ka mikono kamaimira chilembo. Mnyamatayo akugwira msanga, mwina koyamba m'moyo wake kumva wina akumuuza kuti wakhoza.

Kenako Buddusky akuyesa kumuputa kuti akwiye. Akumufunsa ngati sakuwawidwa mtima ndi anthu omwe amutayitsa zaka 8. Meadows akuyankha kuti iwo ankangogwira ntchito yawo. Yankholi likumupsetsa mtima Buddusky mpaka kuyamba kumenya katundu wa m'chipindamo. Iye akuganiza kuti akukwiyira kupusa kwa mwanayo. Woonera akuona zina: ntchito yomwe iyeyo akugwira sabata imeneyi ndi yomweyo, ndipo akafunsidwa adzayankha chimodzimodzi.

Kwawo kwa mkaidi

Akupatuka panjira kupita ku Camden, m'chigawo cha New Jersey, kuti Meadows akatsanzike mayi ake. Mayiwo akuwapeza kulibe. Atatsegula chitseko akuona nyumba ili yosasesa, mabotolo a mowa opanda kanthu ali paliponse. Palibe akulankhula. Mnyamatayo akungotembenuka, ulendo n'kupitirira. Gawoli ndi lalifupi zedi koma likuyankha mafunso onse okhudza komwe dzanja loyabwa lija lidachokera.

Apa ndi pomwe Mulhall akuyamba kuonekera bwino. Iye ndi munthu wodekha, wosunga mayi ake ndi malipiro a usilikali, ndipo akudziwa kuti kwa munthu wakuda wa m'nthawi imeneyo ntchito yokhazikika ngati iyi siipezeka kawiri. Akumudzudzula Buddusky m'sitima kuti asiye masewera. Mfundo yake ndi yoti pali njira ziwiri zokha, kumumasula mnyamatayo kapena kukamupereka, ndipo poti onse akudziwa kuti sangamumasule, kumusangalatsaku kungomuwonjezera ululu akakalowa. Komanso chikalakwika chilichonse, zaka zonse zomwe iye wagwira ntchito zipita m'madzi.

Mulhall akunena zoona, ndipo filimuyi siyesa kumutsutsa. Koma naye mtima ukumukanika. Pofika ku New York ali nawo limodzi m'zonse.

Mumzindawu zinthu zikuyenda mothamanga. Buddusky akuputa dala ndewu ndi asilikali a gulu la Marines m'chimbudzi cha pasiteshoni, anzake awiri aja n'kulowerera. Pali chifukwa chake: a Marines ndi amalinyero ndi apachibale osamwerana madzi, ndipo ndende yomwe Meadows akupita oyang'anira ake ndi a Marines omwewo. Akubetcha alawansi yawo pa masewero oponya timivi m'bala n'kupambana. Akudya masoseji a Chitaliyana, akumutengera Meadows kukatsetsereka pamadzi oundana, iye n'kumagwa anzake akuseka.

Akumvanso anthu akuyimba mapemphero m'nyumba ina, n'kulowa. Ndi gulu la Chibuda la Nichiren Shoshu, lomwe limaphunzitsa kuti munthu akamabwereza mawu ena apadera zofuna zake zimatheka. Akuluakulu awiri aja akuona ngati nthabwala, koma Meadows akuzitenga ndi mtima wonse, ndipo kuyambira pamenepo akungong'ung'udza pempherolo paliponse. Pempherolo likuwakumanitsa ndi mayi wina yemwe akuwaitanira kuphwando la achinyamata odana ndi nkhondo ya ku Vietnam. Kumeneko wina akumufunsa Mulhall chifukwa chomwe adapitira kunkhondoko, iye n'kuyankha mwachidule kuti wamkulu akati pita, umapita. Mayi uja akumuuza Meadows kuti angathe kumuthandiza kuthawira ku Canada, komwe anyamata ambiri a ku America okana nkhondo ankathawira m'zaka zimenezo. Meadows akukana. Akuti sangawachite chipongwe awiriwo chifukwa ndi abwenzi ake apamtima.

Abwenzi apamtima omwe ali ndi makiyi a unyolo wake m'thumba.

Makolo adziwiretu apa kuti filimuyi si yoonera limodzi ndi ana. Kutukwana kuli ponseponse, ndipo ku Boston asilikaliwa akumutengera mnyamatayo kunyumba ya akazi oyendayenda. Ngakhale zili choncho, gawoli silidapangidwe mokometsera chiwerewere. Mtsikana yemwe Meadows akusankha, yemwe adaseweredwa ndi Carol Kane, akuoneka wotopa ndi wachisoni ngati iye yemwe. Panja, podikira, Buddusky akumuuza Mulhall kuti adakwatirapo, koma mkazi wake ankafuna kuti asiye usilikali akaphunzire kukonza ma TV, ndipo iye sakadatha. Onse awiri akuvomerezana kuti usilikali ndiwo moyo wawo mpaka kupuma. Woonera amayamba kudzifunsa kuti mwa atatuwa womangidwa zaka zambiri ndi uti.

Masoseji opanda mabanzi

Tsiku lomaliza lafika ndipo kwatsala maola ochepa. Meadows akutchula kuti kukadakhala kotentha akadakonda kukadyera panja. Anzakewo akuti palibe choletsa. Akugula masoseji ndi mowa, akukakhala m'paki momwe chipale chofewa chakuta pansi ponse, akusonkha kamoto ndi nkhuni zonyowa. Mabanzi aiwala kugula. Akuotcha masoseji pa timitengo, mano akugwedezeka ndi chisanu.

Buddusky wakhala chete, zomwe sizichitikachitika. Akumuuza Mulhall kuti mwanayu kundendeko akamutafuna wamoyo. Ali m'kati mokambirana, Meadows akunyamuka ngati akukatola nkhuni. Ataima patali akutembenuka, akukweza mikono, n'kuyamba kulemba m'malere ndi zizindikiro zomwe Buddusky adamuphunzitsa kuhotela kuja. Uthenga wake ndi wotsanzika. Kenako liwiro.

Sabata yonse Buddusky wakhala akumuphunzitsa mnyamatayu kuti adziimire payekha, ndipo wamvadi. Tsopano mphunzitsi yemweyo akumuthamangitsa m'chipale, akumugwira atagwa, n'kumumenya ndi chitsulo cha mfuti m'mutu mpaka magazi. Mulhall ndiye akumuletsa. Ukali umenewu si wa mlonda wogwira wothawa chabe. Ndi wa munthu yemwe wakakamizidwa kuona chomwe iye ali.

Kundende zinthu zikutha mwamsanga moti woonera amadabwa. A Marines akumugwira Meadows mikono, akukwera naye masitepe, chitseko n'kutsekeka. Palibe kutsanzikana, palibe ngakhale kucheuka. Bwana wachinyamata wa Marines, yemwe adaseweredwa ndi Michael Moriarty, akuona mabala aja n'kufunsa ngati mkaidiyo adayesa kuthawa. Awiriwa akuti ayi. Akudziwa kuti akavomera, mnyamatayo amuwonjezera zaka, choncho akulolera kuoneka ngati adamumenya popanda chifukwa. Ndi mphatso yomaliza yomwe angathe kumupatsa, ndipo mwini wake sadzaidziwa.

Bwanayo akuwavutitsanso ndi za mapepala, ati kalata yawo ya ulendo sidasainidwe ku Norfolk, ndiye kuti mwalamulo sadanyamuke n'komwe. Atalimbana naye akuwalola kupita. Akutuluka akutukwana bwanayo, osatchulako dzina la Meadows ngakhale kamodzi, nyimbo ya perete ikulira mwansangala ngati kuti pachitika chinthu chonyaditsa.

Momwe idapangidwira

Filimuyi idachokera m'buku la dzina lomwelo lomwe Darryl Ponicsan adatulutsa mu 1970. Ponicsan adagwirapo ntchito ya usilikali wa pamadzi, n'chifukwa chake kalankhulidwe ndi tizikhalidwe ta amalinyero m'nkhaniyi n'zenizeni. Yemwe adalisandutsa sewero la filimu ndi Robert Towne, mnzake wa Nicholson wa kalekale. Towne adasintha mathero. M'buku Buddusky amafa, koma m'filimu amangobwerera kuntchito, ndipo ambiri amaona kuti mathero awa ndiwo owawa kwambiri.

Kampani ya Columbia Pictures idachita mantha ndi kuchuluka kwa mawu otukwana ndipo idapempha Towne kuti achepetse. Iye adakana. Maganizo ake adali oti umu ndi momwe anthu amalankhulira akakhala kuti alibe mphamvu yosintha kanthu: amangodandaula ndi kutukwana. Ntchito idaima kwa nthawi, mpaka kutchuka kwa Nicholson kudakula moti kampaniyo idalolera.

Wotsogolera filimuyi adali Hal Ashby, munthu wa ndevu zambiri ndi tsitsi lalitali, yemwe adayamba ngati wodula ndi kulumikiza zithunzi za mafilimu. Pa ntchito imeneyo adapata mphoto ya Oscar ndi filimu ya In the Heat of the Night ya 1967, momwe muli Sidney Poitier. The Last Detail idali filimu yake yachitatu kutsogolera, pambuyo pa The Landlord ndi Harold and Maude. Akuluakulu a asilikali a pamadzi a ku America sadafune kuthandizapo pa filimu yowaonetsa motere, choncho mbali yaikulu adakajambulira ku Canada, mumzinda wa Toronto ndi madera oyandikira, kuyambira kumapeto kwa 1972. Chisanu chomwe chimaoneka pankhope za osewerawo si chopangira.

Ashby adajambula nkhaniyi motsatira ndondomeko yake, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zomwe sizichitika kawirikawiri popanga mafilimu. Izi zidathandiza Randy Quaid, yemwe adali wongoyamba kumene, kuti azikula pang'onopang'ono limodzi ndi Meadows. Wina yemwe adatsala pang'ono kupatsidwa gawoli ndi John Travolta, asadatchuke. Kusankha Quaid kudasintha nkhani, chifukwa Meadows wa m'maganizo a olemba adali kamnyamata kakang'ono. Chimunthu chachitali chomvera tianthu tiwiri tofupikirapo chimaseketsa ndi kumvetsa chisoni nthawi imodzi. Wojambula zithunzi adali Michael Chapman, ndipo iyi idali filimu yake yoyamba kukhala mkulu wa makamera. Pambuyo pake adajambula Taxi Driver ndi Raging Bull.

Gawo la Mulhall lidalembedwera Rupert Crosse, mnzake wina wa Nicholson, yemwe adali munthu wakuda woyamba kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar ya wosewera wamwamuna wothandizira. Ntchito itatsala pang'ono kuyamba, Crosse adapezeka ndi khansa. Ashby adadikirako kuti aone ngati angathe, koma sizidatheke, ndipo Crosse adamwalira mu 1973. M'malo mwake mudalowa Otis Young.

Idaiwalika bwanji?

Sikuti akatswiri sadaione. Nicholson adapata mphoto ya wosewera wamwamuna wopambana pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, m'dziko la France, mu 1974. Pa mphoto za Oscar filimuyi idapikisana nawo patatu, kudzera mwa Nicholson, Quaid ndi Towne, koma onse adabwerako chimanjamanja. Ya wosewera wamkulu idapita kwa Jack Lemmon. Chidali chaka cha mafilimu akuluakulu monga The Sting ndi The Exorcist, omwe anthu ankaima pamizere italiitali kuti aonere.

Nthawi yomwe idatulukira idalinso yovuta. Mu January 1973 dziko la America lidasaina pangano lotulutsa asilikali ake ku Vietnam, ndipo anthu adali atatopa ndi nkhani za yunifolomu. Okonda asilikali sakadakondwa ndi filimu yoonetsa amalinyero oledzera ndi mabwana opanda chilungamo. Odana ndi nkhondo nawo sadapezemo ngwazi yogalukira akuluakulu, poti Buddusky amalalata kwambiri koma pamapeto pake amachita zomwe watumidwa.

Chidaikwirira kwenikweni ndi kupambana kwa eni ake omwe. Mu 1974 Nicholson ndi Towne adatulutsa Chinatown, yomwe idamupatsa Towne mphoto ya Oscar. Mu 1976 Nicholson adapata yake ndi One Flew Over the Cuckoo's Nest ya 1975. Kuchokera apo anthu akamakamba za Nicholson amayambira pa mafilimu awiriwa, kenako Joker wa mu Batman ya 1989, kapena mtsamunda wankhanza wa mu A Few Good Men ya 1992, momwe, moseketsa, adavala yunifolomu ya a Marines omwe Buddusky ankadana nawo. Randy Quaid ambiri amamudziwa ngati woyendetsa ndege woledzera uja wa mu Independence Day ya 1996. Ashby adapanga mafilimu ena otamandika monga Shampoo, Coming Home ndi Being There, koma m'zaka za m'ma 1980 ntchito yake idalowa pansi, ndipo adamwalira ndi khansa mu December 1988 ali ndi zaka 59.

Woiwalika koposa onse ndi Otis Young. Mwa osewera atatu aja ndi iye yekha yemwe sadatchulidwe pa mphoto za Oscar, chonsecho ndiye msana wa filimuyi. Popanda nkhope yake yodekha ndi maso oona patali, phokoso la Nicholson likadangokhala phokoso. Young adali msilikali weniweni wa Marines ndipo adamenya nawo nkhondo ya ku Korea asadayambe zisudzo. Pambuyo pa filimuyi sadapatsidwenso gawo lalikulu lofanana nalo. Adakaphunzira za Baibulo, adakhala m'busa mumzinda wa Rochester m'chigawo cha New York, kenako mphunzitsi wa zisudzo ndi kalankhulidwe pakoleji ina komweko. Adamwalira mu 2001.

Ena adayesapo kuyenda m'njira yomweyi. Mu 1994 Dennis Hopper adapanga Chasers, momwe amalinyero awiri amaperekeza mkaidi wamkazi, koma idangokhala nthabwala zopanda mchere. Mu 2008 kudatuluka The Lucky Ones, ya asilikali atatu obwera kunkhondo ya ku Iraq omwe akudutsa dziko la America pagalimoto imodzi ya hayala, momwe muli Tim Robbins, Rachel McAdams ndi Michael Peña. Nayo anthu sadaionere kwenikweni. Zikuoneka kuti msilikali woseketsa ndi womvetsa chisoni nthawi imodzi, wopanda mdani woti amuombere, ndi katundu wovuta kugulitsa.

Ponicsan mwini wake sadathe kuwaiwala anthu ake atatu aja. Mu 2005 adatulutsa buku lina, Last Flag Flying, momwe adawakumanitsanso atakalamba, ndipo adachita kumuukitsa Buddusky yemwe adamupha m'buku loyamba. Richard Linklater adalisandutsa filimu mu 2017, ndi Steve Carell, Bryan Cranston ndi Laurence Fishburne. Maina adawasintha ndipo mbiri yawo adaikonzanso, koma mafupa a nkhani ndi omwewo. Yemwe adali mkaidi uja tsopano ndi bambo wamasiye, mwana wake wafera kunkhondo ya ku Iraq mu 2003, ndipo akupempha anzake awiri akale kuti amuperekeze kukatenga maliro. Mmodzi ali ndi bala yake ndipo akadamwabe, winayo ndi m'busa. Ulendo wawo ukulowera kumpoto komwe kuja, pasitima, mpaka ku Portsmouth.

Ndende ya Portsmouth si yopeka. Ili pachilumba cha Seavey, m'tauni ya Kittery m'chigawo cha Maine, kutsidya kwa mtsinje kuchokera mumzinda wa Portsmouth. Idatsegulidwa mu 1908, ndipo chifukwa cha nsanja zake amalinyero ankaitcha "Castle", kutanthauza linga la mafumu. Asilikali zikwizikwi adapikako ndende m'nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Boma la America lidaitseka mu 1974, miyezi yochepa filimuyi itatuluka, Meadows asadamalize ngakhale chaka chimodzi mwa zaka zake 8 zija.